Kodi ana 63 aja anawawerenga ndani?

Lipoti la kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16 litatuluka, nambala imene inamveka kwambiri inali yakuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi muno, 63 amamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pa kafukufuku woyamba wa mtundu umenewu, wa 1992, anali 234. Amalume anga, amene anaphunzitsa kupulayimale mpaka kupuma pa ntchito, sanatsutse zoti imfa za ana zachepa. Akuti zimenezo akudzionera okha, maliro a ana sakuchuluka ngati kale. Chinawavuta n'china. "Kwathu kuno mwana akatisiya timaika basi, sitikanena kuofesi iliyonse. Ndiye 63 ameneyo anamutola kuti?"

Funsoli limandikhudza chifukwa ndi ntchito imene ndimadyera. Ndinayamba ngati wofunsa mafunso m'midzi, ndipo masiku ano ndimakhala pa kompyuta kukonza zimene anzanga abweretsa kuchokera kumidziko. Palibe amene anawerenga ana onse a m'dziko muno. Nambala ija inachokera pakamwa pa amayi 24,562 a zaka za pakati pa 15 ndi 49, amene a National Statistical Office, ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba, anawapeza m'madera ang'onoang'ono 850 osankhidwa m'maboma onse. Mayi aliyense anafunsidwa za ana onse amene anaberekapo, amoyo ndi omwalira omwe, kenako masamu anagwira ntchito yake.

Zoti anthu 24,000 angayankhulire dziko lonse sizivuta kumvetsa. Wogula chimanga sakhuthula thumba lonse kuti adziwe ngati chafumbwa, amangopisa dzanja, bola apise mpaka pansi, osangotapa chapamwamba chimene wogulitsa wayalapo. N'chifukwa chake madera ndi nyumba zimasankhidwa mwa maere, ndipo wofunsa alibe ufulu wosintha. Mukafika m'mudzi, afumu mwaulemu wawo amafuna akuperekezeni kwa mayi wodziwa kulankhula, wa nyumba ya malata, amene ana ake onse ali pasukulu. Inu mumayenera kupepesa n'kupita kunyumba imene yagwa pa mndandanda, ngakhale ili kutsidya kwa dambo, ndipo mukapeza mwini wake ali kumunda mumabwerakonso. Nthawi zambiri nyumba zovuta kufikako ndi zomwezo zimene zili kutali ndi chipatala, moti kuzidumpha n'kudzinamiza.

Koma kusankha anthu ndi mbali yosavuta. Povuta ndi pamkeka paja, mutakhala awiri ndi mayi.

Mumayamba ndi mwana woyamba. Dzina lake ndani, ndi wamwamuna kapena wamkazi, anabadwa mwezi wanji chaka chanji, ali moyo? Mumatsika nawo choncho mpaka wakhanda ali kumbuyoyo. Ngati pali kabuku ka kusikelo mumapempha kuti mukaone, chifukwa tsiku lolembedwa ndi anamwino limaposa la m'mutu. Ndiyeno mumaona kuti wachiwiri anabadwa 2006, wachitatu 2011. Zaka zisanu, kwa mayi amene ana ake ena onse atalikirana zaka ziwiri. Apa mumafunsa mofatsa kuti, "Amayi, pakati pa awiriwa panalibe wina?" Kawirikawiri pamakhala kaye zii. Kenako amati, "Analipo, koma sanakhalitse."

Sikuti mayiyo amabisa. Mwana amene wamwalira asanatuluke m'chikuta, m'madera ambiri saikidwa ngati munthu wamkulu. Amakaika ndi amayi okhaokha, popanda kulira kwa maliro, dzina asanapatsidwe n'komwe, ndipo pambuyo pake nkhaniyo sikambidwanso. Ndiye kubwere mlendo ndi tabuleti kudzafunsa kuti munabereka ana angati, mayi amawerenga amene anawayamwitsa n'kuwatcha mayina. Pamenepa pamatsalabe funso lina limene ine sindinalizolowere mpaka lero: "Atabadwa analira? Anapuma, kapena kugwedezeka?" Ngati analira ngakhale kamodzi, ndiye kuti anabadwa wamoyo, ndipo amalowa m'gulu la ana 27 mwa 1,000 amene kafukufuku uja anapeza kuti amamwalira mwezi usanathe. Ngati sanalire, sanapume komanso sanagwedezeke, amapita m'gulu lina, la obadwa atamwalira kale, ndipo mu 63 muja mulibe. Mayi amene anali gone ndi ululu pa nthawiyo mwina sakudziwa n'komwe, anangouzidwa ndi azamba kapena apongozi. Ine ndimakhulupirira kuti pa nambala zonse za imfa za ana, ya mwezi woyambayi ndi imene tiyenera kuigwira mosamala kwambiri, ndipo ngati ikuphonya, ikuphonyera kumunsi.

Njira yofunsa mwana mmodzimmodziyi imadya nthawi, choncho pa kalembera wa dziko lonse, ngati wa mu September 2018 amene anapeza anthu 17,563,749, sizingatheke. Kumeneko amagwiritsa ntchito nzeru ya William Brass, katswiri wa ku Scotland amene anagwirapo ntchito ya ziwerengero ku Nairobi asanakaphunzitse ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Iye anaona kuti mayiko ambiri a mu Africa alibe kaundula wa obadwa ndi omwalira, ndipo sakhala naye msanga. M'malo modikira, anapeza njira yofinya nambala kuchokera m'mafunso ochepa: mwabereka ana angati, ndipo mwa amenewo amoyo ndi angati. Palibe kufunsa masiku.

Mmene imayendera ndi motere. Amayi a zaka 20 mpaka 24, ana awo amakhala aang'ono, moti gawo la ana awo amene anamwalira limayandikira mwayi woti mwana amwalire asanafike zaka ziwiri. Kwa amayi a zaka 25 mpaka 29 limayandikira wa zaka zitatu, ndipo kwa a zaka 30 mpaka 34, wa zaka zisanu. Tingoyerekeza kuti amayi a zaka 30 mpaka 34 m'boma lina abereka ana 10,000 onse pamodzi ndipo 900 anamwalira. Ndiye kuti 90 mwa 1,000. Nambala imeneyi imachulukitsidwa ndi kanambala kena koyandikira 1, kotengera ngati amayi a kumeneko amayamba kubereka msanga kapena mochedwa, ndipo zimene zatulukazo sizinena za chaka chino koma za zaka zingapo zapitazo. Mfundo yomalizayi atolankhani ambiri amaidumpha. Ngakhale 63 uja si wa 2016, ndi wa zaka zisanu za m'mbuyo mwa kafukufukuyo zitaphatikizidwa. Mayankho a atsikana a zaka 15 mpaka 19 ambiri timangowaika pambali, chifukwa ana a amayi aang'ono chonchi amamwalira kwambiri kuposa ena ndipo angapereke chithunzi cholakwika cha dziko lonse.

Mwaona kuti zonsezi zatsamira pa zaka za mayi. Ndiye funsani munthu wa kumudzi zaka zake. Ambiri amati 30, 35, 40. A zaka 39 ndi 41 amasowa ngati kuti chaka chimenecho kunalibe kubereka. Mukajambula zaka za anthu pa galafu, pa nambala iliyonse yothera ndi 0 kapena 5 pamatuluka chulu. Pali muyeso wake, wa Whipple, umene umatenga anthu a zaka 23 mpaka 62 n'kuona kuti ndi angati aunjikana pa 0 ndi 5: ukatuluka 100 ndiye kuti zili bwino, ukafika 500 ndiye kuti aliyense wanena zaka zothera pa nambala ziwirizo. Pofuna kuchepetsa vutoli wofunsa amayenda ndi mndandanda wa zochitika. Agogo mumawafunsa ngati njala ya 1949 anaiona, kapena ngati pa ufulu wa 1964 anali atakwatiwa kale. Kwa amayi a msinkhu wobereka zimene zimathandiza ndi riferendamu ya 1993 ndi njala ya 2002. Pano ndikuona kuti ana obadwa nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 sadzavuta kuwapezera zaka ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe.

Kuunjikana komweku kumachitikanso pa msinkhu umene mwana anamwalirira. Mayi amati "anali ndi chaka." Koma wa miyezi 11 amalowa m'gulu la makanda omwalira asanathe chaka, limene linali 42 mwa 1,000, pamene wa miyezi 13 salowamo. N'chifukwa chake wofunsa saloledwa kulemba chaka chimodzi, amayenera kufufuza miyezi yake: anali atayamba kuyenda, mano anali angati, kunali kukolola kapena kudzala.

Vuto lina limachokera kwa ife ofunsa, ndipo likudziwika m'mafukufuku a mtundu umenewu m'mayiko ambiri. Mwana aliyense wobadwa m'zaka zisanu zapitazi amabwera ndi mulu wa mafunso ena: katemera, kuyamwitsa, kutsegula m'mimba, malungo, kumuyeza msinkhu ndi kulemera. Wofunsa wotopa, dzuwa likulowa, galimoto ikudikira, amatha kukankhira tsiku lobadwa la mwana kumbuyo pang'ono kuti adumphe mafunsowo. Makamaka ngati mwanayo anamwalira, chifukwa palibe amene amasangalala kufunsa mayi za katemera wa mwana amene ali kumanda. Pa kompyuta zimaoneka poyera: chaka cha m'malire chimakhala ndi ana ochepa modabwitsa, chaka cha kumbuyo kwake n'kukhala chodzaza. Zikatero imfa za posachedwa zimaoneka zochepa kuposa mmene zilili.

Ndiye pali Edzi. Brass anamanga njira yake poganiza kuti imfa ya mayi ndi imfa ya mwana wake sizikhudzana kwenikweni. M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000, mankhwala otalikitsa moyo asanafalikire, ganizo limeneli linasweka. Mayi ankamwalira, mwana wake amene anatengera kachilombo n'kumwaliranso, ndipo pobwera wofunsa panalibe wonena za mwanayo. Timafunsa amayi amoyo okha. Choncho nambala za nthawi imeneyo zinali zotsika kuposa zenizeni, ndipo gulu la United Nations limene limaphatikiza mafukufuku onse a imfa za ana limawonjezerapo kenakake m'mayiko amene kachilomboka kanafala kwambiri, kuphatikizapo kwathu kuno. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene nambala ya ku Zomba ndi ya UNICEF zimasiyanirana pang'ono, ndipo sindiona chifukwa chokanganirana kuti wabodza ndani.

Imfa za amayi pa uchembere ndiye zovutirapo, poti mwini nkhani kulibe. Mu 1989 Wendy Graham, Brass yemwe uja ndi Robert Snow anafalitsa njira imene anaiyesa ku Gambia, yofunsa munthu za abale ake aakazi a bere limodzi: ndi angati anakula, ndi angati anamwalira, ndipo kodi anamwalira ali oyembekezera, pobereka kapena atangobereka kumene. Mafukufuku athu amagwiritsa ntchito mtundu wina wa njira yomweyi. Mu 2004 inapereka imfa za amayi 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo, mu 2010 inapereka 675, ndipo mu 2015-16 inapereka 439. Kutsika kwake n'koona. Koma imfa zimene zimapezeka mwa anthu ofunsidwawo zimakhala zochepa, zimasonkhanitsidwa pa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo tanthauzo la imfa ya uchembere linasinthidwa pang'ono pa kafukufuku wa 2015-16 uja. Komanso mtsikana amene wamwalira ndi mimba ya miyezi iwiri imene sanauze aliyense, mchemwali wake adzati anamwalira ndi malungo. Ndikamva munthu pamsonkhano akunena 439 ngati kuti anawerenga mitembo, kapena akufuna nambala yotere ya boma limodzi lokha, ndimadziwa kuti sanatsegule masamba a kumapeto kwa lipoti, kumene kumalembedwa kuti nambala iliyonse ikhoza kusewera pakati pa ziti ndi ziti.

Malo amodzi amene anthu amawerengedwadi mmodzimmodzi ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, kumene kuyambira 2002 ofufuza akhala akutsata anthu onse a m'dera lina, kulemba aliyense wobadwa, womwalira ndi wosamuka, mothandizidwa ndi anthu a m'midzi momwemo amene amapereka uthenga mwezi ndi mwezi. Munthu akamwalira amapita kukacheza ndi achibale za mmene anadwalira kuti apeze chimene chinamutenga. Kumeneko ndi kumene tingayesere ngati njira zongoyerekezazi zikulondola, ngakhale kuti Chilumba si Nsanje ndipo si Ndirande.

Kuyambira 2015 lamulo likuti mwana aliyense wobadwa alembetsedwe ku National Registration Bureau, ndipo m'zipatala zambiri fomu imadzazidwa mayi asanatuluke. Mbali ya obadwa ikuyenda ndithu. Ya omwalira ikutsalira, makamaka imfa za kunyumba, chifukwa banja limathamangira chikalata cha imfa pokhapokha ngati pali penshoni, inshulansi kapena ndalama za kubanki zoti zitsatidwe. Khanda la masiku atatu lilibe chilichonse mwa zimenezi, moti pa kalembera wotsatira, amene mwa dongosolo la zaka khumi akuyenera kuchitika mu 2028, mafunso a Brass aja adzafunsidwabe khomo ndi khomo.