Tsiku lomwe mtima wa mdala wathu unaima pa graundi

Kuno ku Leeds timamenya mpira Lamlungu lililonse ndi anyamata akumudzi, wongochepetsa kunenepa basi. Tsiku limenelo mdala wina wa zaka za m'ma 50 anangogwa chafufumimba popanda womugunda, moti poyamba tinaseka kuti akufuna penati.

Nditafika ndinamutembenuza, kumugwedeza mapewa, "achimwene! achimwene!" koma zii. Amangokoka mpweya ngati mkonono, kamodzi, kenako duu, pakapita nthawi kamodzinso. Apa ndi pomwe tikanamutaya, chifukwa anyamata anati akupumatu uyu mukupizeni, wina wathamangira kale botolo la madzi ngati momwe timachitira kwathu munthu akakomoka. Mwayi wake ine ndimagwira ntchito ya care, yosamalira anthu, ku training anatiuza kuti kupuma kotereku si kupuma ayi, mtima waima.

Ndinaimba 999, foni pa speaker. Mayi anayankha uja anafunsa ngati akupuma bwinobwino, ndinati ayi, anafunsa malo omwe tili (dziwani postcode ya komwe mumasewera abale, ife tinayang'anizana kaye), kenako anati yambani CPR pompano, kutanthauza kumudinikiza pachifuwa kuti magazi aziyendabe.

Ndinagwada, chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja lina pamwamba pake, mikono njo osapinda zigongono, nkuyamba kudinikiza. Pamafunika chifuwa chizilowa masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo mayi uja amawerenga nane limodzi. Pa chidole cha ku training zimaoneka zophweka koma pa munthu yemwe mwadyera naye nsima ndi nkhani ina, ndinamva nthiti ikuti thyo pansi pa manja anga ndipo ndinatsala pang'ono kusiya, mayi aja anati pitirizani osaima. Pakatha mphindi ziwiri timasinthana chifukwa mikono imatha msanga.

Defibrillator, makina omenya mtima ndi magetsi kuti uyambenso kugunda bwino, inali m'kabokosi pakhoma la holo ina chapafupi, a 999 omwewo anatiuza malo ndi code yotsegulira. Makinawo amalankhula okha. Tinang'amba jezi, kupukuta thukuta, nkumata mapadi a makinawo, ina m'munsi mwa fupa la phewa la kumanja, ina m'mbali kumanzere kunsi kwa khwapa. Makinawo anati tisamukhudze, tinadina batani, thupi linadzidzimuka, ife tinabwereranso pachifuwa mpaka ambulansi inafika. Pomukweza mtima unali ukugunda.

Kuchipatala anapeza mtsempha wa mtima utatsekeka, anamuika stent, kachubu kotsegula mtsemphawo, nkugona ku ICU masiku angapo. Nthawi imeneyo a British Heart Foundation, bungwe loona za matenda a mtima, amati ku UK anthu oposa 30,000 pachaka mtima umawaimira kunja kwa chipatala, ndipo opulumuka sakwana mmodzi pa 10 aliwonse, mphindi iliyonse yodikira popanda CPR imadya mwayi wopulumuka mpaka 10%. Ndinaziwerenga usiku womwewo manja akunjenjemerabe.

Mdala uja za tsikulo sakumbuka chilichonse, ngakhale kuvala jombo. Pano amabwera kudzangoonerera, ndipo akandiona amagwira m'nthiti nkunena kuti ndili naye ngongole.