Ine ndi zam'mimba basi

Anzanga kuno ku Kasungu amaseka ndikati ndikufuna kudzakhala dokotala wa zam'mimba, akuti ndiye uzingocheza ndi chimbudzi eti? Musekeni, koma tafunsani pamsika pano, wina chilungulira, wina zilonda zam'mimba, aliyense akungotafuna timapilisi ta magineziyamu n'kumaimba mlandu nyemba, chonsecho zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo ka H. pylori kamene kamatha ndi mankhwala a masabata awiri okha. Zimandiwawa bwanji!

Ndiye pali likodzo lomwe limaononga chiwindi mpaka munthu kusanza magazi, pali nthenda ya chiwindi ya hepatitis B, palinso khansa ya kummero yomwe ku Malawi kuno yachuluka zoopsa, munthu amayamba kulephera kumeza nsima, kenako phala, kenako ngakhale madzi. Kuti amuone mkati ndi kakamera ka endoscopy amamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ya minibasi aipeze yekha.

Njira yake ndi yaitali ndithu: digiri ya udokotala (MBBS) ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, internship yophunzira ntchito m'chipatala, zaka 4 za Internal Medicine (matenda a m'kati mwa thupi), kenako kukaphunzira zam'mimba zenizenizo (gastroenterology), mwina ku South Africa. Amayi akuti adzukulu adzawaona liti, ine ndangoti mayi tidikire kaye zotsatira za MSCE.