Ndinalira maliro a masilinda ali moyo

Kachipangizo ka ELM327 kaja ndinakagula ku Limbe, kaja umakabaya pansi pa dashibodi kenako kamalankhulana ndi foni pa Bluetooth n'kukuuza chavuta pa galimoto, ndipo chikagulireni ndinasanduka dokotala wa magalimoto ku Chilomoni konse, aneba akangoti galimoto ikukana kulira ine ndafika kale foni ili m'manja.

Ndiye Lachiwiri lina ndikutsetsereka mu Chipembere Highway pa Honda Elysion yanga ya V6 ija, ya injini ya masilinda 6, ndikuyandikira pa Ginnery Corner kanyali ka check engine kangoti ngwee. Ndaima pambali, ndabaya kachipangizo, foni yalemba kodi ya vuto yakuti P3400, Cylinder Deactivation System Bank 1. Amwene chizungu changa ndi cha Fomu 4 koma deactivation ndimaidziwa, ndi zija amachita SIM khadi yosalembetsa zija. Ndati basi masilinda afa. Liwu loti Bank lija linangondikumbutsanso ngongole ya galimoto yomweyo, thukuta kamukamu.

Ndinaimbira mayi a kunyumba kuti limbani mtima injini yatisiya. Iwo anangofunsa kuti bambo a ana, oyilo mwayang'ana? Ndinaseka, ndati mayi izi ndi za kompyuta inu pitirizani kusankha nyemba.

Mawa lake ndinagula mapulagi 6 atsopano, ndalama ya ufa yonse psiti. Atatu akutsogolo analowa bwinobwino koma atatu akumbuyo aja eeh, injini imeneyi inagona chopingasa ndiye dzanja umalilowetsa ngati ukupisa mbewa kuuna, zala zonse zinasupuka. Ndafufuta kodi, kanyali kazima, ndadzitamanda mpaka kujambula sitetasi ya WhatsApp. Kupita kokayesa msewu wa ku Chileka, ndisanafike pa Kameza kanyali kabweranso ngati wangongole.

Ndinagonja ndinapita ku Ndirande kwa madala ena ake a ovolosi yakuda bii, galaja yawo ndi pansi pa mtengo basi. Ndawaonetsa foni monyada, iwo osaiyang'ana n'komwe, angotsegula boneti, asolola kachitsulo kopimira oyilo kaja, apukuta pa kansanza, abwezera, asololanso n'kundiyandikizira kumaso. Kouma gwaa, kadontho kamodzi kunsonga kwenikweni, kakuda ngati phula.

"Bwana, mwana simumupatsa phala, mwamugulira nsapato."

Kenako anandikhazika pa tayala n'kundiphunzitsa ngati mwana wa Sitandade 1. Akuti injini imeneyi ili ndi chinthu chotchedwa VCM, ukamayenda mwamyaa pa msewu woongoka kompyuta imagoneka dala masilinda atatu akumbuyo kuti petulo asamathe, ukaponda moto amadzuka onse 6. Chimene chimawagoneka ndi oyilo yemweyo, solenoidi, kachitseko ka magetsi, imatsegula njira, oyilo amakankha timapini ta m'marokala, tizitsulo totsegula mavalavu, mavalavu n'kukhala chitsekere. Ndiye pali kaswichi kamene kamamvera puresha ya oyilo n'kuuza kompyuta, oyilo akachepa kapena kaswichiko kakafa kapena waya wake akadyedwa ndi khoswe, kompyuta imaona kuti zimene yalamula sizikugwirizana ndi zimene ikumva ndiye imayatsa kanyali. Bank 1 ija akuti ndi mzere wa masilinda akumbuyo chabe, si za ngongole ayi, apa anyamata awo ophunzira ntchito anagwa nazo kuseka, wina mpaka sipanala inamupulumuka.

Anayang'anabe waya ndi pulagi ya kaswichiko, zonse zili bwino. Anakhuthula oyilo wotsala uja, fyuluta yatsopano, oyilo watsopano, ndipo pofufuta kodi anabwereka kachipangizo kanga komweko, zimenezo ndiye zinandiwawa kuposa zala. Tazungulira mpaka ku Chirimba n'kubwerako, kanyali zii. Mapulagi anga akale aja anati ngabwinobwino ndiwasiyire, ndinawasiyira, mphamvu zokana ndinalibe.

Kufika kunyumba mayi akupakula nsima, nkhope yosaseka koma mapewa akugwedera. Andifunsa kuti nanga kompyuta yati chavuta n'chiyani. Ndati zinthu zina zake za mkatikati zovuta kufotokoza. Iwo angoloza chigubu cha oyilo chopanda kanthu chimene ndinalowa nacho m'nyumba osazindikira, n'kuti chimenecho musataye bambo, ndizisungiramo parafini.