Sabata ya woimba viola ku Manchester

M'gulu lathu tilipo anayi: mavayolini awiri, cello (chida chachikulu cha nsambo cha mawu otsika), ndi ineyo pa viola (chida chonga vayolini koma chokulirapo pang'ono). Tilibe kondakitala. Chilichonse, kaya ndi liwiro la nyimbo kapena poyambira uta wokhwekhwezera nsambo, timachita kugwirizana tokha, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni.

Lolemba tinatha m'mawa wonse pa tsamba loyamba la nyimbo ya Beethoven yotchedwa Op. 131, yomwe analemba mu 1826. Ili ndi zigawo 7 zoimba mosalekeza, pafupifupi mphindi 40, moti mpata wochuna nsambo pakati palibe. Imayamba ndi vayolini yoyamba payokha, yachiwiri n'kulowa, kenako ine, cello pomaliza. Wina akangolowa atakweza mawu pang'ono, onse obwera pambuyo amatengera zomwezo. Amene anaimbapo alto m'kwaya ya kutchalitchi akudziwa malo anga: suli pamwamba, suli pansi, koma ukaphonya, nyimbo yonse imawawasa. Nthawi zambiri noti yapakati pa chord (manoti angapo olira pamodzi) imagwera ine, ndipo ndimayenera kuitsitsa pang'ono kusiyana ndi mmene imamvekera pa piyano kuti mawu anayiwo akhazikike. Ngakhale nsambo yathu ya C, ine ndi mnzanga wa cello timaikweza pang'ono pochuna, kuti isalimbane ndi E ya mavayolini. Tinatsutsana ndithu tsiku limenelo. Wa vayolini yachiwiri ankati tikuikoka kwambiri nyimboyo, wa cello ankati ikufunika mpweya. Tinayesa njira zonse ziwiri, tinadzijambula pafoni, n'kumvetsera.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndimaphunzitsa ana m'masukulu. Ndalama ya lendi imachokera kumeneko komanso ku maganyu a m'ma orchestra, osati ku makonsati a gulu lathu. Malipiro a konsati imodzi amayamba adutsa kwa ajenti, n'kuchotsapo thiransipoti, zotsalazo n'kugawa panayi. Ulendo ukakhala wa pandege, cello imaguliridwa mpando wake ngati munthu.

Mtsikana wina amene ndimamuphunzitsa anandifunsa njira yolowera ntchitoyi. Ndinamuuza zoona zake. Ambiri amayamba asanakwanitse zaka 10. Kenako pali zaka 4 za digiri yoyamba m'masukulu ngati Royal Northern College of Music kuno ku Manchester kapena Royal Academy of Music ku London, ena n'kuwonjezera masters. Magulu ambiri amabadwira komweko, anthu akadali ophunzira. Akatuluka amalimbirana mipikisano ngati wa ku Wigmore Hall ku London kapena wa ku Banff ku Canada, yomwe imachitika pakatha zaka 3 zilizonse, chifukwa wopambana amapeza makonsati ndi ajenti. Koma chimene ndinatsindika ndi ichi: asankhe anzake mosamala kuposa mmene angasankhire chida. Amadeus Quartet, gulu la anthu anayi ngati lathuli, inaimba kuyambira 1947 mpaka 1987 osasintha munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo Peter Schidlof, wa viola, atamwalira, otsalawo sanafune kulowetsa wina. Gulu linathera pomwepo. Luso la zala limapezeka mwa ambiri. Chosowa ndi munthu woti ungamuuze kuti "apa mwatsika" iye osasunga mangawa.

Lachinayi linapita ndi maimelo, ma invoice ndi kulemba mapulogalamu.

Loweruka tinaimba m'tchalitchi china chakale ku Yorkshire, poitanidwa ndi kabungwe ka anthu okonda nyimbo a m'tauniyo. Timabungwe totere, toyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ambiri opuma pantchito, ndi tomwe timasunga ntchito yathu m'dziko muno, ndipo ndimatilemekeza kwambiri. Munkazizira, zala zinauma, komanso nyumba yamiyala imachedwa kumeza mawu. Poyeserera masana tinaona kuti chigawo chachisanu cha nyimbo ya Beethoven ija, chomwe n'chothamanga, chikungomveka phokoso, choncho tinachepetsa liwiro ndi kufupikitsa uta. Za chigawo choyamba, tinatsata maganizo a wa vayolini yachiwiri. Mawa m'mawa tikumana kuti tiyambe nyimbo ya Haydn ya konsati ya mwezi wamawa, ndipo wa cello wanena kale kuti nkhani ya liwiro ija aibweretsanso.