Lachinayi: Zikuto Zomwe Ngwazi za M'makomiki Zinaonekera Koyamba

M'mawa. Mvula yagwa usiku wonse, ndiye mawindo akhala otseka kuti chinyontho chisafike pa mapepala. Patebulo pali zikuto zisanu ndi ziwiri za makomiki (mabuku a nkhani za zithunzi) a ku America, zonse zosindikizidwanso, popeza zina mwa zenizenizo mtengo wake ngwoposa wa nyumba. Funso la lero ndi limodzi: pamene ngwazi ikuonekera koyamba, munthu asanaimvepo dzina, chikuto chiyenera kugwira ntchito yanji?

Poyesa chikuto chilichonse tikuchita zinthu zitatu. Kuchiimika pakhoma n'kubwerera m'mbuyo mamita atatu. Kuphimba mbali yapansi ndi pepala n'kusiya gawo lapamwamba lokha, chifukwa pa mashelefu a ogulitsa nyuzi mabukuwa ankasanjikizana, ndipo nthawi zambiri chooneka chinali mutu wa buku basi. Chomaliza, kuika pepala lopyapyala pamwamba pa ngwaziyo n'kudetsa thupi lonse ndi pensulo kuti patsale chithunzithunzi chakuda. Ngati pamenepo simungadziwe chomwe munthuyo akuchita, wojambula anaphonya.

Tayamba ndi Action Comics nambala 1, ya June 1938, ya masenti 10, chikuto cha Joe Shuster. Superman wanyamula galimoto yobiriwira pamwamba pa mutu ndipo akuiphwanyira pa thanthwe, tayala lagubuduka palokha. Dzina lake silinalembedwe paliponse pachikutocho. Nkhope yake ndi yaing'ono, chizindikiro cha pachifuwa ndi kachikasu kosaoneka bwino. Komabe pa mamita atatu chimamveka chonse, ndipo chinsinsi chili pa bambo wa kumanzere m'munsi, amene wagwira mutu ndi manja onse awiri, maso ali tong'o, akuthawa cha kwa inu wowerenga. Muphimbeni bamboyu ndi chala chachikulu muone: galimoto ija imasanduka ngati yoseweretsa. Mantha ake ndi amene akuipatsa kulemera. Aliyense amadziwa kulemera kwa galimoto, aliyense amadziwa nkhope ya munthu wogwidwa nthumanzi, ndipo pakati pa ziwirizi wowerenga amadziwerengera yekha mphamvu za mlendo wovala buluuyo popanda womuuza. Palibenso chokuuzani ngati ndi wabwino kapena chigawenga, ndiye mumatsegula kuti mudziwe. Nkhani yake m'katimo ndi ya masamba 13 okha, ndipo eni ake sanamubwezere pachikuto mpaka nambala 7. Jerry Siegel, wolemba nkhaniyo, ndi Shuster anagulitsa umwini wa ngwaziyi pa madola 130. Mu April 2024 kope limodzi linagulidwa madola 6 miliyoni. Zimapweteka kuika manambala awiriwa pamzere umodzi.

Detective Comics nambala 27, ya May 1939, ndi yofooka poyerekeza ndi inzakeyo, ngakhale ambiri safuna kumva zimenezi. Batman akulendewera pa chingwe atakolera munthu m'khosi ndi mkono, amuna awiri ali padenga akuyang'ana, mmodzi mfuti ili m'manja. Chithunzithunzi chakuda chimapambana mayeso, mapiko aja ndi makutu osongoka sungawasokoneze ndi china. Koma thupi ndi louma ngati lodulidwa pa katoni, ndipo kumwamba kwachikasu kumalimbana ndi munthu amene ntchito yake ndi ya usiku. Dzina lolembedwa linali la Bob Kane yekha. Bill Finger, amene analemba nkhaniyo ndi kukonza zambiri za maonekedwe a Batman, anayamba kutchulidwa movomerezeka mu 2015, atamwalira kalekale.

Captain America Comics nambala 1 sitinachedwepo. Joe Simon ndi Jack Kirby anaika chibakera cha Captain America pa chibwano cha Hitler, buku n'kutuluka mu December 1940, chaka chathunthu America isanalowe nkhondo. Chikutocho n'chodzaza mopyola muyezo, asilikali, mapu, zipolopolo, koma mzere wa mkono umakokera diso pamalo amodzi. Yang'anani chishango: ndi chosongoka pansi. Kuyambira nambala 2 chinakhala chozungulira, chifukwa kampani ya MLJ inadandaula kuti chikufanana ndi ngwazi yawo, The Shield.

Masana. Kuwala kwawonjezeka, ndiye ino ndi nthawi yoona mitundu ndi galasi lokulitsa. Makina a nthawi imeneyo ankagwiritsa inki zinayi: buluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Zitatu zoyambazo ankazithira mwina yonse, mwina theka, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi, mwina osathira konse, mwa timadontho, ndipo kuphatikiza zonsezi kunkapereka mitundu 64. Ngwazi zambiri zinavala zofiira, zabuluu ndi zachikasu chifukwa mitundu imeneyi imatuluka yowala ngakhale makina atataya pang'ono. Adani ankapatsidwa zobiriwira ndi zapepo. Mtundu wotuwa ndiye unali mutu waching'alang'ala. Mu The Incredible Hulk nambala 1, ya May 1962, Hulk ndi wotuwa, ndipo m'katimo khungu lake limasintha tsamba ndi tsamba, pena kuda, pena kuwala, chifukwa osindikiza ankalephera kuusunga mtunduwo mofanana. Pofika nambala 2 anali wobiriwira. Iron Man nayenso anayamba wotuwa mu Tales of Suspense nambala 39, ya March 1963, n'kusanduka wagolide m'kope lotsatira. Choncho amene akuti chikuto choyamba ndiye maonekedwe enieni a ngwazi akulakwitsa. Nthawi zambiri chimakhala choyeserera chabe, chomwe makina ndi owerenga anachikonza pambuyo pake.

Pa Hulk yemweyo pali luso loyenera kuliphunzira. Kirby anaimika Bruce Banner, munthu amene amasanduka Hulk, woonda, wovala jekete loyera, kutsogolo, ndipo chimunthucho chikutukuka kumbuyo kwake mpaka kudzaza tsamba. Anthu awiri, thupi limodzi. Mphamvu ya ngwaziyi ndi kusandulika, ndiye chikuto chikuonetsa kusandulikako.

Amazing Fantasy nambala 15, ya August 1962, masenti 12, yatitengera nthawi yaitali. Steve Ditko ndi amene anajambula nkhani ya Spider-Man m'katimo, ndipo anajambulanso chikuto chake, koma Stan Lee, mkonzi wa magaziniyo, sanachilandire. Chomwe chinatuluka ndi pensulo ya Kirby, inki ya Ditko. Mukaika chikuto pambali pa masamba a m'kati kusiyana kumaoneka msanga. Wa Kirby ndi wachifuwa chotambalala, mwamuna wokhwima, wanyamula munthu kukhwapa ngati thumba la ufa. Wa Ditko ndi mnyamata wasukulu, miyendo yopyapyala, zala zokhota. Maganizo athu ndi akuti chikuto cha Kirby chimagulitsa buku, koma chimanama pang'ono za munthu ali m'katimo. Chimene chimachiwombola ndi mawu a m'mabaluni, amene amatchula dzina lenileni la mnyamatayo ndi kunena kuti anthu amamuseka. Ngwazi kuulula kunyozeka kwake pachikuto, pamaso pa aliyense, zinali zachilendo. Timanthu tating'ono toima pamadenga kumbuyoko tikugwira ntchito ya bambo wothawa wa mu 1938 uja, tikuonetsa kutalika kwa pomwe akulendewera. Iyi inali nambala yomaliza ya magaziniyo pa nthawiyo. Kope lina linagulidwa madola 3.6 miliyoni mu 2021.

Fantastic Four nambala 52, ya July 1966, ndi pomwe Black Panther, mfumu ya dziko lopeka la ku Africa lotchedwa Wakanda, anaonekera. Kirby anamuika pamwamba, akudumphira ngwazi zinayi zomwe ndi eni buku, iwo ali pansi osadziwa komwe tsoka likuchokera. Mlendo kupatsidwa malo aakulu kuposa eni nyumba, ndiko kunena kwa wojambula kuti uyu si wongodutsa. Pali chojambula china choyambirira chomwe chigoba cha kumaso cha Black Panther chinasiya pakamwa ndi chibwano poyera, khungu lakuda likuoneka. Chomwe chinasindikizidwa chinaphimba nkhope yonse. Monga chithunzi, chophimba chonsecho n'champhamvu, thupi lonse limakhala mdima umodzi wokhala ndi maso awiri. Koma zikutanthauzanso kuti wogula pa shelefu sakanadziwa kuti ngwaziyi ndi munthu wakuda mpaka atawerenga, ndipo mfundo imeneyi siyenera kudumphidwa pokamba za chikutochi.

Madzulo. Tafika pa nkhani yomwe imasokoneza ogula atsopano: kuonekera koyamba ndi chikuto choyamba si chinthu chimodzi. Wonder Woman anayambira mu All Star Comics nambala 8, kumapeto kwa 1941, ndipo pachikuto palibepo; chikuto chake choyamba ndi Sensation Comics nambala 1, ya January 1942. Wolverine anatulukira m'kabokosi ka chithunzi komaliza ka The Incredible Hulk nambala 180, ya October 1974, koma anthu amathamangira nambala 181 ya mwezi wotsatira, pomwe Herb Trimpe anamujambula akudumphira Hulk zikhadabo zili panja, kumbuyo kuli psuu. Apa chikuto chagonjetsa mbiri, pakuti 181 ndi yodula kwambiri kuposa 180. The Amazing Spider-Man nambala 300, ya May 1988, amaiwerengera kuti ndi kuonekera koyamba kwa Venom, mdani wa Spider-Man, koma Todd McFarlane pachikuto anajambula Spider-Man wovala zakuda. Musanalipire, tsegulani kapena funsani tsamba lomwe munthuyo ali.

Pa 181 pali msampha wina. M'katimo munali kasitampa kodula ndi sizasi ka kampani yosindikiza ya Marvel, ndipo ana ambiri anakadula. Kunja buku limaoneka langwiro, koma bungwe loyesa makomiki la CGC, lomwe limapereka mamaki kuyambira 0.5 mpaka 10, limaliika chizindikiro chobiriwira m'malo mwa chabuluu cha nthawi zonse, mtengo n'kugwa. Chizindikiro chapepo ndi cha buku lokonzedwa. Zikuto za mitundu yakuda monga cha Black Panther zimaonetsa kakhwinya kalikonse ka pamsana ngati kamzere koyera, ndiye ena amadzazapo ndi peni yakuda. Tembenuzani chikuto muyang'ane m'kati: inki ya peni imadutsa pepala n'kusiya kadontho, ndipo nyali ya UV imathandiza kuiona. Mabuku a Marvel a chiyambi cha zaka za m'ma 1960 amakonda kuthetheka timapepala m'mphepete, vuto lochokera ku mpeni wodulira kufakitale. M'mphepete mukakhala mosalala modabwitsa, yezani m'lifupi ndi rula, mwina wina anametako. Ndipo wina akakuonetsani Action Comics nambala 1 yaitali kupitirira masentimita 30, imeneyo ndi yomwe kampani ya DC, eni ake a Superman, inasindikizanso mu 1974, yochotsedwa chikuto chake chakunja chomwe chinkanena zoona.

Kwayamba kuda, tikulongedza. Buku lililonse likulowa m'kathumba kake ka pulasitiki ndi kakatoni kopanda asidi kumbuyo, n'kuimikidwa chilili m'bokosi, osapanikiza. Selotepi yotsekera kathumba ichotsedwe yonse musanatulutse buku, chifukwa ikangogwira chikuto imasenda mtundu. Bokosi likhale pamwamba, kutali ndi khoma lakunja ndi simenti yapansi. Nyengo ya dzinja ngati ino mawaya awiri a pamsana amachita dzimbiri, dzimbirilo n'kulowa m'pepala, ndipo chiswe ndi mphemvu sizisankha kuti ili ndi buku la madola angati. Chofuna kupachika pakhoma chikhale chosindikizidwanso, popeza dzuwa limayamba kudya chofiira ndi chachikasu, ndipo mtundu ukafwifwa palibe mankhwala oubwezera.