Sutikesi ya malemu bambo awo

Sutikesiyo inafika Lolemba m'mawa pa kabaza, itamangidwa ndi mphira wa chubu chifukwa loko wake anathyoka kalekale. Mwini wake, mayi wina wa ku Kawale, anatsika panjinga ina pambuyo pake akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Titalonjerana anati, "Achimwene, izi ndi za malemu bambo. Ana kunyumbaku ayamba kukolezera mbaula. Ndiye ndati ndiyambe ndakuonetsani kaye."

Ntchito yanga ndi imeneyo. Tili ndi kaofesi kuno ku Lilongwe komwe timalandira zithunzi ndi mapepala akale, n'kuziyeretsa, kuzisikana, kenako n'kulemba kuti chithunzi chilichonse chikuonetsa chiyani, chinajambulidwa kuti, komanso liti. Kusikanako ngakhale mwana wa Fomu 2 angathe. Chodya mutu ndi kulembako.

Malemuwo anali ndi kasitudiyo ku Old Town. Chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku chinali zithunzi za ziphaso ndi za maukwati, koma m'zaka zimene likulu linkamangidwa ankatengedwanso ndi makontirakitala kuti azikajambula mmene ntchito ikuyendera. Nditamasula mphira uja, chinandilandira ndi fungo la viniga. Negetivu yakale, filimu ija imene amatsukirapo zithunzi, ikayamba kununkha chomwecho ndiye kuti yayamba kuwola, ndipo imawoletsa zinzake ngati tomato m'dengu. Choncho Lolemba lonse linathera pa kupatula zodwala ndi zabwino. Zina tizilombo tinali titadya m'mphepete, zina zinachita nkhungu, zina zinamatirirana ndi chinyezi cha dzinja. Zomatiriranazo sukakamiza. Ukangokoka, nkhope ya munthu imatsalira kumsana kwa chithunzi chinzake, ndiye wataya zonse ziwiri.

Zithunzi zinalipo mazana angapo, koma zolembedwa kumsana zinali zowerengeka. Zinazo zinali zii. Apa m'pamene munthu umasanduka wapolisi wofufuza, ndipo ndivomere, gawo limeneli ndi limene limandisunga pantchitoyi ngakhale malipiro ake ndi ongoti bola moyo.

Mwachitsanzo, panali chithunzi cha sitolo ya mmwenye, ya khonde lalitali la zipilala zinayi, telala atakhala pakhondepo ndi makina ake opalasa ndi miyendo. Nditachikulitsa pakompyuta ndinaona kabolodi pakhomo kolembedwa mitengo ya shuga ndi sopo m'mashilingi ndi mapeni. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971, ndiye chithunzicho n'cha m'mbuyo mwa chakacho, pokhapokha ngati mwini sitoloyo anali waulesi kufufuta bolodi. China chinali ndi basi ya kampani yakale ya UTM (United Transport Malawi) itaima anthu akukwezera mitolo pamwamba, ndiye kuti Stagecoach, kampani imene inadzatenga mabasiwo, inali isanabwere. Zovala nazo zimayankhula. Kuyambira 1973 lamulo linaletsa amayi kuvala thalauza kapena siketi yaifupi, ndipo linakhalapo zaka makumi awiri, choncho mtsikana wa mawondo pamtunda akuyenda momasuka pamsewu amakuuza kuti lamulolo linali lisanafike. Zithunzi za mitundu za m'ma 1970 zambiri zimafiirira ngati zaviikidwa m'tiyi. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimakwanira pachokha, koma ukasonkhanitsa ziwiri zitatu umayandikira.

Lachitatu ndinachita manyazi. Magetsi anazima chakum'mawa, atayaka ndinathamangitsa ntchito kuti ndibwezeretse nthawi. Ndinasikana manegetivu a pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe, n'kulemba bwinobwino kuti wojambula anaima tsidya liti, sitolo iti ili mbali iti. Mtsikana amene akuphunzira ntchito kwathuko anasuzumira paphewa panga n'kufunsa mwaulemu, "Koma achimwene, kalelo galimoto zinkayenda kudzanja lamanja?" Ndinaunika. Lole, Land Rover, njinga, zonse zinali mbali yolakwika ya msewu. Negetivu ndinali nditaiika chagada, tauni yonse n'kutembenuka, ine n'kumalemba mbiri ya Lilongwe amene sanakhaleko. Ndinafufuta zonse, mtsikanayo ndinamugulira Fanta.

Mukaziyala zithunzizi patebulo mumaona mizinda iwiri. Woyamba ndi Lilongwe wa boma la atsamunda, amene anayamba mu 1902 m'dera la mfumu Njewa, n'kumakula pang'onopang'ono chifukwa cha fodya ndi misewu imene inkakumanirana pamenepa, mpaka kutchedwa tauni mu 1947. Ameneyo ndi wa masitolo a makonde, msika, fumbi, ngolo za ng'ombe zitaima pafupi ndi malole. Wachiwiri ndi amene anayamba Kamuzu Banda atalengeza mu 1965 kuti likulu lichoka ku Zomba. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndalama zoyambira ntchito zinali ngongole yochokera ku South Africa, ija ya tsankho imene mayiko ambiri a mu Africa ankaisala, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Mzinda watsopanowo sanaumange pamwamba pa wakale. Anaupititsa kumpoto, kumene lero kuli City Centre ndi Capital Hill, n'kugawa malo onse m'ma Area a manambala amene mpaka pano amasokoneza alendo, poti manambalawo sayenda motsatana.

Zithunzi za ku Capital Hill n'zokongola, sindingakane. Malemuwo ankalidziwa dzuwa. Koma ndikamawerenga zochepa zimene zinalembedwa kumsana mtima unkandiwawa pang'ono. Dzina la nyumba lilipo, tsiku lilipo, nthawi zina mpaka nambala ya nsanjika. Koma m'chithunzimo muli anthu makumi awiri, ena panthaka akukankha wilibala, ena pansanja akulandira njerwa, ambiri opanda nsapato, ndipo palibe ngakhale mmodzi wotchulidwa. Kontirakitala ankalipira kuti aone khoma, osati omanga khomalo.

Ndiye panali chimodzi chimene chinandiimitsa. Kumsana kwake kunali mawu a Chingerezi otanthauza kuti malo asanalambulidwe. Mukachiyang'ana mwachangu ndi tchire basi, udzu ndi mitengo mpaka kumapeto. Koma nditachikulitsa, pakona yakumanzere panatuluka nkhokwe ziwiri, mitengo ya mango itatu yoima pamodzi, ndi mizere ya munda wokolola kale. Mango samera okha atatu pamalo amodzi pakati pa tchire. Chapatali panali kamsitu kothithikana, kozungulira, kosiyana ndi mitengo ina yonse. Aliyense wokulira m'chigawo chapakati akudziwa kuti msitu wotero, umene nkhwangwa siufika, ndi manda.

Ndinaimbira mayi aja. Anati iwo za zimenezo sangadziwe, anali wakhanda, koma amalume awo alipo ku Chilinde, ndipo anagwirako ntchito ya uthandizi wa mabilidala nthawi imeneyo. Lachinayi ndinasindikiza zithunzi khumi ndi ziwiri pamapepala akuluakulu, ndinagula shuga ndi buledi, n'kukwera minibasi.

Ndinawapeza agogowo pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa peyala, wailesi ili pamiyendo. Magalasi awo mwendo umodzi unali wa waya. Titamaliza malonje, omwe sanali afupi, ndinawapatsa choyamba. Anachigwira ndi manja awiri, n'kuchitalikitsa, n'kuchiyandikitsanso. Chala chawo sichinapite panyumba ayi, chinalunjika pamunthu wa chipewa woima pambali manja ali m'chiuno.

"Kapitawo uyu," anatero. "Wa ku Ntcheu. Ukachedwa pang'ono pokha, tsiku lonse wadula."

Kuyambira pamenepo ine ndinangokhala mlembi. Uyu anali Mtumbuka, ankaimba nyimbo za tchalitchi ali pansanja. Uyu anagwa n'kuthyoka mwendo, anabwerera kwawo ku Dedza. Uyu dzina laiwalika, koma ankadya nsima ya anthu awiri. Anandiuza mmene ankanyamukira kusanache, wapansi, kuchokera ku Kawale mpaka ku Capital Hill, mmene simenti inkang'ambira zala, ndi mmene tsiku la malipiro Old Town inkasefukira, atelala onse a m'makonde akusoka mpaka mdima. Ena anawatchula mayina enieni, ena a pantchito okha, ndipo ndinalemba onse ndi pensulo.

Chithunzi cha tchire chija ndinachisungira kumapeto. Atachiona anakhala chete kanthawi, n'kuzimitsa wailesi.

"Analemba kuti chiyani kuseriku?"

Ndinawamasulira.

"Mwana wanga, apa si patchire. Apa panali mudzi. Ifeyo tinkapempha madzi akumwa pamenepa, amayi ena ankatigulitsa thobwa. Kenako anauzidwa kuti asamuke, boma likufuna malo. Tsiku lina tinangopeza nkhokwe zili pansi."

Anatchula dzina la mudziwo, ndiponso la nyakwawa yake. Sindiwalemba pano, ndipo m'kaundula wathu ndawalemba ndi chizindikiro chofunsa. Kwathu lamulo ndi lakuti dzina lisalowe ndi mboni imodzi. Si kuti sindiwakhulupirira agogowo. Kungoti tsiku lomwelo anakakamira kuti nyumba ina m'chithunzi ndi chipatala cha Kamuzu Central, chimene chinatsegulidwa mu 1977, pamene kumsana kwake malemu analemba ndi dzanja lawo kuti ndi ofesi ya ku Capital Hill, ndipo mawindo ake akugwirizana ndi zithunzi zina zitatu. Nditawaonetsa anaseka n'kunena kuti, "Zonse zinali simenti yomweyo." Pepala limanama, mutu wa munthu nawo umasokoneza, ndiye umangoyenera kuziika pamodzi kuti zitsutsane zokha.

Lachisanu m'mawa ndinatsikira ku Old Town ndi chithunzi cha sitolo ija, kuti ndikaone ngati ikadalipo. Amene amadziwa msewu wa Malangalanga nthawi ya m'mawa akudziwa kuti si malo oti munthu aziima n'kumayang'ana madenga. Oitanira minibasi anandikoka kawiri, wa kabaza wina anandiphonya pang'onong'ono. Nditatulutsa kamera mayi wina wogulitsa nthochi anakuwa, "Bambo inu, mukutijambula mutipatsa zingati?" Ndinawaonetsa pepala lija, ndipo posakhalitsa anthu asanu ndi mmodzi anali atandizungulira, aliyense akuloza kwake. Amene anailondola ndi mlonda wina wachikulire, ndipo sanayang'ane n'komwe khomo. Anawerenga zipilala, n'kuona kuti chachitatu n'chonenepa kuposa zinzake.

Ilipo ndithu. Khonde analitseka ndi zitsulo n'kuligawa timashopu titatu, wina akugulitsa mafoni, wina mabeseni apulasitiki, wina amatumiza ndalama. Pamene pankakhala telala pali jenereta. Koma denga ndi lomwe lija, ndipo chipilala chonenepacho chikadali chachitatu, chitapakidwa utoto wa kampani ya mafoni. Ndinaima pomwe ndikuganiza kuti malemu anaima, msana utagunda minibasi, n'kujambula.

Madzulo ake tinasemphana pang'ono ndi abwana. Iwo akufuna tisankhe zithunzi makumi awiri zoti tikaonetse anthu, ndipo m'maganizo mwawo muli nyumba zikuluzikulu zokhazokha, zoyera, zopanda fumbi. Cha nkhokwe chija anachikankhira pambali. "Ichi chilibe kanthu, ndi tchire ili. Komanso nkhani za malo n'zovuta, tisaputeko." Ine ndinati ngati n'choncho ndiye tichotsenso cha Capital Hill, chifukwa nyumbazo zinaima pamalo, sizinaime m'mwamba. Anandiyang'ana kupyola pamwamba pa magalasi n'kunena kuti tikambirana Lolemba. Abwana athu akati tikambirana, nthawi zambiri ndiye kuti nkhani yatha, koma chithunzicho ndachibwezera mwakachetechete m'gulu la zosankhidwa.

Mayi a ku Kawale aja anabwera kudzatenga sutikesi yawo. Zithunzi zatsala kwathu m'maenivelopu, chilichonse ndi nambala yake, ndipo iwo ndinawapatsa zonse pa fulashi. Anaitembenuza kafulashiko m'manja n'kufunsa, "Zonse zija zalowa umu?" Sutikesiyo akuti azisungiramo mbewu ya nyemba, fungo la viniga likatha.

Loweruka sindigwira ntchito, koma foni inalira isanakwane 6 koloko, kamodzi kokha n'kuduka. Nditaimbanso anayankha ndi mdzukulu, n'kupereka kwa agogo a ku Chilinde. Sanagone bwino, akuti. Dzina la uja wa nsima ya anthu awiri labwera pakati pa usiku, ndipo anadzutsa mwana kuti alilembe pachikuto cha kope lisanathawenso. Komanso akumbukira kuti ku Lumbadzi kuli mkulu wina amene anabadwira m'mudzi wa m'chithunzi uja, ngati akadali moyo.

"Mubwere nacho chija cha manda," anatero, "koma musindikize chachikulu kuposa chija. Mnzangayo maso ake ndi oipa kuposa anga."

Ndawauza kuti ndidzawatenga Lachiwiri m'mawa, ndipo thiransipoti ndilipira ndine.