Mafilimu a abale a Marx pakhomo pathu ku Kasungu

Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg atabwera kudzaona amayi nthawi yokolola mtedza, anandisiyira kabokosi ka zimbale za DVD kamene anagula pamalo ogulitsa zinthu zakale. Mkatimo munali mafilimu asanu a zithunzi zakuda ndi zoyera zokhazokha, a gulu la azisudzo apachibale a ku America lotchedwa Marx Brothers. Kabokosiko kanakhala pamwamba pa kabati miyezi iwiri, chifukwa ana a pakhomo pano anazolowera mafilimu ankhondo omasuliridwa m'Chichewa amene amakaikitsa mu memory card kumsika, ndipo ankati chinthu chopanda mitundu n'chogonetsa tulo. Loweruka lina madzulo ndinaika chimbale chimodzi kuti ndingoona ngati makina athu angachiwerenge, ndipo kuchokera tsiku limenelo zimbalezo sizinabwererenso pamwamba pa kabati.

Abale amenewa anabadwira ku New York m'banja la Ayuda losauka. Bambo awo anali telala, ndipo mayi awo, Minnie, ndi amene anawakankhira ku zisudzo akadali anyamata n'kumawayendetsera ntchitoyo. Analipo asanu, koma mmodzi, Gummo, anasiya asanayambe kujambula mafilimu, choncho amene timawaona pa zimbale zangazi ndi anayi. Groucho ndi wa ndudu yaikulu ndi ndevu zapamlomo zongojambula ndi utoto, amene pakamwa pake sipapuma. Chico amayankhula Chingerezi ngati munthu wa ku Italy ndipo amaimba piyano mochita kuiwombera ndi chala. Harpo, wa tsitsi lopotanapotana, satulutsa liwu ngakhale limodzi, ngakhale kuti m'moyo weniweni ankayankhula bwinobwino. Wamng'ono, Zeppo, ankapatsidwa mbali za mnyamata wodekha, ndipo anachoka m'gululi itatha filimu ya mu 1933.

Mafilimu asanu amene ndili nawo ndi amene anajambula ndi kampani ya Paramount, kuyambira The Cocoanuts ya mu 1929 mpaka Duck Soup ya mu 1933. Awiri oyambawo anali masewero apabwalo amene ankawachita ku Broadway, dera la maholo akuluakulu a zisudzo mumzinda wa New York, ndipo zimaoneka ndithu, chifukwa kamera imangoima malo amodzi ngati munthu wokhala pampando wakutsogolo. Nthawi imeneyo mafilimu a mawu anali atangoyamba kumene, ndipo mu The Cocoanuts mapepala amene osewera amagwira anachita kuwanyowetsa ndi madzi kuti asamachite phokoso pa maikolofoni. Nditadziwa zimenezi ndinabwezera chimbalecho, ndipo ndinaonadi pepala lalikulu likulendewera m'manja mwa Groucho ngati nsalu yochapa.

Poyamba ndinkaganiza kuti ntchito yanga idzakhala yomasulira, popeza amayi samva Chingerezi. Groucho akayankhula ndinkaimitsa filimu ndi rimoti n'kuyamba kufotokoza, koma nthabwala zake zambiri zimatsamira pa mawu awiri a Chingerezi omveka mofanana, ndipo ndikamamaliza kufotokoza chosekacho chinali chitazizira kale. Amayi anandipirira kanthawi, kenako anati, "Iwe, tasiya kuimitsaimitsako. Ine ndikuonera uyu wosayankhulayu." Ankanena Harpo.

Mu Duck Soup muli malo pamene Chico akugulitsa mtedza m'mbali mwa msewu, ndipo iye ndi Harpo akuvutitsa bambo wina wamkulu thupi wogulitsa zakumwa za mandimu. Amamusinthanitsira zipewa mofulumira moti mwiniwake sadziwanso chimene chili kumutu kwake, ndipo akatambasula dzanja, Harpo amakolekamo mwendo wake. Pamapeto pa mkanganowo Harpo amapinda buluku n'kulowa ndi mapazi onse m'chidebe cha zakumwazo, makasitomala n'kubalalika. Amayi, amene agulitsapo mtedza zaka zambiri pamsika wa pa boma, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, ndipo anati mikangano yotere ya anthu oyandikana mabenchi anaiona ndi maso awo, kungoti palibe amene analimbapo mtima kufika pamenepo.

Koma chimene chinatigwira tonse ndi sewero la pagalasi m'filimu yomweyo. Harpo wavala ngati Groucho, malaya aatali ogonera, kachipewa, mandala ndi ndevu zojambula zija, ndipo pothawa akuswa galasi lalikulu la m'nyumba. Groucho atafika, Harpo akuima mbali inayo n'kumadziyesa chithunzithunzi chake. Kwa mphindi pafupifupi zitatu palibe mawu, palibe nyimbo. Groucho akuwerama, mnzakeyo akuweramanso. Akubisala kuseri kwa khoma n'kutulukira akukwawa, ndipo akumupeza winayo akukwawanso. Akuvina, akuyesa kumupusitsa mwanjira iliyonse, mpaka awiriwo akuzungulirana n'kusinthana mbali, ndipo chipewa cha Harpo chitagwa pansi, Groucho akumutolera n'kumupatsa, masewerowo n'kupitirira. Mwana wa achemwali anga, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anaimirira kutsogolo kwa sikirini akufuula kuti, "Amalume, weniweni ndi uti?" Tinabwereza malo amenewo kanayi usiku umenewo, ndipo ulendo wachitatu ndi pamene ndinaona kuti Groucho akadzizungulira, Harpo sazungulira n'komwe, amangodikira n'kutambasula manja pa nthawi yake yeniyeni.

Ine ndikukhulupirira kuti sewero limeneli linatheka chonchi chifukwa anthuwa ndi a bere limodzi. Nkhope zawo n'zofanana moti utoto pang'ono ukukwanira kuwasokoneza, komanso anali atatha zaka zambiri akusewera limodzi m'maholo a m'matauni ang'onoang'ono, tsiku ndi tsiku, mpaka aliyense ankadziwa pamene mbale wake aponde asanaponde. Ife amene tinakula tikuseka Izeki ndi Jakobo timadziwa mmene anthu awiri ozolowerana amalandizirana mawu popanda kuyang'anana, ngakhale kuti awo sanali pachibale. Kwa abale a Marx kuzolowerana kumeneko kunayambira m'nyumba ya mayi awo, ndipo kumaonekera bwino munthu akakhala ndi mwayi wobwereza chithunzi, mwayi umene oonera a mu 1933 analibe.

Pa zimbale zenizenizo, pali zingapo zimene wofuna kuzipeza ayenera kudziwa. Mafilimu onse a abalewa alipo 13, koma kawirikawiri sapezeka m'bokosi limodzi, chifukwa akale a Paramount anagulitsidwa mu 1958 ndipo tsopano ali m'manja mwa kampani ya Universal, pamene amene anajambula ndi kampani ya MGM, monga A Night at the Opera ya mu 1935 ndi A Day at the Races ya mu 1937, amatulutsidwa ndi kampani ya Warner. Zimbale za DVD zimakhalanso ndi nambala ya chigawo: za ku America ndi 1, za ku South Africa ndi ku Ulaya ndi 2, ndipo makina ena amakana chimbale cha chigawo china, ngakhale kuti athu otsika mtengowa anawerenga popanda vuto. Chithunzi sichikhala choyera paliponse. Mu Horse Feathers muli malo pamene filimu imadumphadumpha mawu n'kuduka, ndipo ndinapukuta chimbalecho kawiri ndisanadziwe kuti vutolo lili m'filimu imene inatsala, osati m'chimbale changa. Animal Crackers ya mu 1930 nayo inadulidwa zidutswa zina mu 1936 ndi oyang'anira za makhalidwe m'mafilimu, ndipo yathunthu inapezeka m'nkhokwe ya bungwe losunga mafilimu ku Britain la British Film Institute n'kutulutsidwa pa zimbale za mtundu wa Blu-ray mu 2016. Yanga ndi yodulidwayo.

Chimene sindingavomereze n'chakuti wina aike mawu a womasulira pamwamba pa mafilimu amenewa monga amachitira m'mavidiyo a kumsika. Mnyamata wina woyandikana nafe, amene amagwira ntchito yoika mafilimu m'mafoni, anandipempha kuti ayesere, ndipo ndinamuonetsa malo pamene Harpo amakhala pansi n'kuyamba kuimba zeze wake wamkulu. Nkhope yake yamasewera ija imasinthiratu, maso amakhala pa zingwe, ndipo m'chipinda chathu aliyense amangokhala chete mpaka nyimbo ithe. Mnyamatayo anaonera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati angabwere ndi mng'ono wake Loweruka lotsatira.

Achimwene ndawalembera kale uthenga kuti akamabwera pa Khrisimasi andifunire bokosi la mafilimu a MGM aja. Amayi anaonjezera mawu awo pa uthengawo, kuti asanagule ayambe afunsa ngati wosayankhula uja alimo.